Mundifunse za chimbudzi ndi minibasi

Mwezi wathawu kunabwera anthu a bungwe lina kuno kwathu ndi mapepala awo, akufunsa ife aulumali kuti chofunika kwambiri pa moyo wathu nchiyani. Ndisanatsegule nkomwe pakamwa mayi wina amene anawaperekeza anali atandiyankhira kale, akuti chakudya ndi ndalama za Mtukula Pakhomo. Zinandiwawa kwambiri, ine pakamwa ndili napo ndipo mutu wanga umagwira bwinobwino, chimene chinafooka ndi miyendo basi, poliyo anandigwira ndili wamng'ono.

Chakudya nchofunika inde sindikukana. Koma akanandifunsa ine ndikanayamba ndi chimbudzi. Anthu amachita manyazi kukamba zimenezi koma ife ndi nkhani ya tsiku ndi tsiku. Chimbudzi cha dzenje khomo lake limakhala laling'ono, njinga yanga silowa, ndiye ndimaisiya panja nkuvala mapatapata m'manja nkumakwawa, pansi pali ponyowa pamene ena aphonyetsa, nthawi ya dzinja ndiye musanene matope okhaokha. Ku pulayimale ndinkakana kumwa madzi m'mawa kuti ndisafune kupita kuseri mpaka poweruka, ndipo ndikudziwa anzanga amene sukulu anaisiyira pomwepo, osati chifukwa cha fizi kapena kusakhoza ayi.

Chachiwiri mayendedwe. Ukaima pa siteji minibasi imachepetsa liwiro, kondakitala akangoona njinga amamenya chitseko kuti tiyeni adalaiva. Imene yaima imafuna ulipirire njinga ngati munthu wachiwiri, kenako akunyamule ngati thumba la chimanga anthu onse akuyang'ana. Ukafika kumene ukupita nkupeza masitepe. Ndinapitapo kokafunsira ntchito pa ofesi ina, intaviyu inali m'chipinda cha m'mwamba, anyamata awiri anandinyamula shati yonse itakwinyika, ndipo mmene ndimakhala pa mpando ndinali nditaona kale m'maso mwa abwana aja kuti yankho ndi ayi.

Chomvetsa chisoni nchakuti malamulo alipo. Dziko lathu linakhazikitsa lamulo la anthu aulumali mu 2012, mu 2024 kwabweranso latsopano, a FEDOMA, mgwirizano wa mabungwe a anthu aulumali, akhala akulankhula zaka ndi zaka. Kalembera wa 2018 anapeza kuti pa anthu 10 aliwonse a zaka 5 kupita m'mwamba, mmodzi ali ndi ulumali. Si ife ochepa, kungoti ambiri ali m'nyumba, sakuoneka chifukwa njira yotulukira palibe.

Komanso sitili chimodzimodzi. Mnzanga wosamva vuto lake lalikulu ndi kuchipatala, amayenera kupita ndi mchemwali wake kuti amumasulire chinenero cha manja ndiye matenda ake achinsinsi onse banja limawadziwa. Mnzanga wachialubino amafuna mafuta oteteza khungu ku dzuwa ndi kugona usiku opanda mantha. Nchifukwa chake ndimati mufunseni mwini wake, mudikire ayankhe.

Chaka chatha achimwene anga anandimangira chimbudzi changachanga, khomo lalikulu, potsetsereka pa simenti m'malo mwa sitepe, mpando wanjerwa ndi chitsulo chogwirira kukhoma. Matumba atatu a simenti basi. Tsiku loyamba ndinalowa ndi njinga yanga, ndinatseka chitseko ndekha, ndipo ndinatuluka manja anga ali oyera.