Mapulagi a injini yongomangidwa kumene anandidyera tsiku

Injini ya galimoto yanga yoyendera m'matope ndi m'miyala ikulira bwino tsopano, koma kugula mapulagi kunandipweteka mutu kuposa kuphwasula ndi kumanga komwe. Mapisitoni, maring'i, gasiketi, zonsezo makaniko anazilongosola popanda vuto. Mapulagi ndinkati n'kungolowa m'sitolo n'kutuluka.

Wogulitsa ujatu! Ndinamuuza nambala yomwe buku la galimoto limanena, BKR6E ya NGK, kampani yopanga mapulagi. Akuti atha, koma ali ndi ena "ofanana ndendende". Mazinga ake analidi a 14 mm, koma kutalika kwa mazingawo kunali 26.5 mm pomwe hedi yanga (mutu wa injini, momwe mapulagi amamangidwamo) imafuna 19 mm. Pulagi yotalika choncho imalowerera m'silinda, pisitoni ikhoza kuigunda, ndiye ndalama zonse zomangira injini zapita. Mwayi wake makaniko anaiyerekeza ndi yakale asanamange. Ndikubwerera kukabweza, bamboyo akuti paketi yatsegulidwa, sangalandire. Nanga ndikanaona bwanji kutalika kwake osatsegula? Tinakangana mpaka dzuwa kupendeka, galimoto ili chiimire.

Popita kukagula, tengani pulagi yakale m'manja. Muiike pambali pa yatsopanoyo pomwepo pa kauntala, musanalipire.

Chinanso chomwe wogulitsayo sankachidziwa n'komwe ndi nambala ya kutentha, yomwe imasonyeza momwe nsonga ya pulagi imasungira kutentha. Pa NGK, nambala ikamakwera pulagi imakhala yozizirirapo: 5 ndi yotentha kuposa 6, ndipo 7 ndi yozizira. Kampani ya Denso nayo imatero. Bosch ndi Champion amawerenga mobwerera, nambala yaikulu ndiye yotentha. Ndiye wina akakuuzani kuti "6 ndi 6 basi", dziwani kuti akungofuna kugulitsa.

Apa mpomwe ndinaganiza nthawi yaitali. Hedi yanga inapalidwa pang'ono, ndipo kupalako kumakweza compression (kupanikizika kwa mpweya ndi petulo m'silinda), zomwe zimakankhira ku pulagi yozizira. Koma galimoto ya m'tchire imakhalitsa pa low range (magiya amphamvu oyendera pang'onopang'ono), ikukwawa, injini ikuzungulira pang'onopang'ono. Nsonga ya pulagi ikapanda kufika pafupifupi madigiri Celsius 450 mpaka 500, siiwotcha mwaye wake, imada n'kuyamba kumisa, kulephera kuyatsa petulo nthawi zina. Ikapitirira madigiri 800 imatha kuyatsa petulo nthawi isanakwane, ndipo zimenezo zimaboola pisitoni. Ine ndinakhala pa 6 ya m'buku, poti kupalako kunali kochepa. Pulagi yakuda umaisintha, koma pisitoni yobooka ndi kuphwasulanso injini, choncho kupita ku yotentha mongoganizira sindikanayerekeza.

Ndikanaiwala: musayambe ndi mapulagi odula a nsonga ya chitsulo cha iridium. Maring'i atsopano asanakhazikike, oyilo pang'ono amadutsa n'kudetsa mapulagi. Gulani wamba otsika mtengo, yendani nawo, kenako atulutseni muwaone. Nsonga yofiirira pang'ono kapena yotuwa ndiye kuti zili bwino. Mwaye wakuda wouma ndiye kuti petulo akuchuluka kapena pulagi ndi yozizira kwambiri. Yonyowa ndi oyilo, funsani makaniko. Yoyera mbee, yokhala ndi timatuza, zimitsani injini, ikutentha mopyola.

Gapu, kampata ka kunsonga ya pulagi komwe moto umadumpha, muziyeza nokha ndi feeler gauge (timalata topyapyala toyezera mipata), ngakhale akuuzeni kuti anaika kale kufakitale. Nambala ya NGK yothera ndi -11 imatanthauza gapu ya 1.1 mm, ndipo wogulitsa ngati wanga uja akhoza kukupatsani BKR6E-11 m'malo mwa BKR6E osaphethira n'komwe.

Pomanga, injini ikhale yozizira. Yambani ndi zala kuti mazinga asapingasane, makamaka pa hedi ya aluminiyamu, kenako torque wrench (sipanala yoyeza mphamvu yomangira), 25 mpaka 30 Nm pa pulagi ya 14 mm yokhala ndi washala. A NGK amaletsa kupaka girizi pa mazinga a mapulagi awo, chifukwa umamanga mopitirira osazindikira.

Mapulagi olondolawo ndinawapeza m'sitolo ina, yakale ili m'thumba. Ndikubwerezanso, itengeni yakaleyo. Aatali aja akadali mu paketi yawo yotsegulidwayo, ndipo ndalama zanga sanabweze.