Takwanitsa chaka pafamu, ndipo tili ndi ngongole ya zikomo

Dzulo madzulo ndinakhala pakhonde ndi kope limene timalembamo za pafamu, n'kumatsegula tsamba ndi tsamba. Koyambirira kwa kopeli kuli ng'ombe 9, iliyonse ndi nambala ya pakhutu pake. Kumapeto zilipo 12. Pakatipo pali nambala imodzi yokhwatchidwa ndi cholembera chofiira, ndipo pa tsamba limenelo ndinakhalitsapo. Lero takwanitsa chaka chathunthu chitsegulire tinyumba tiwiri togona alendo pafamu yathu yaing'onoyi. Ndisanapite kukhola m'mawa uno, ndati ndithokoze anthu amene atinyamula, poti ambiri a inu sindinakuthokozeni mokwanira pa nthawi yake.

Poyamba maganizo athu anali achidule. Ng'ombe imachedwa kubweza ndalama. Ikatenga bere mumadikira masiku pafupifupi 283, thole likabadwa mudikirenso zaka ziwiri kapena kuposerapo lisanakupatseni kanthu. Ndiye tinati alendo obwera kudzapuma pa tchuthi azitibweretsera ya tsiku ndi tsiku, yogulira katemera, mankhwala ndi mchere wonyambita, ng'ombe zizikula mosapanikizidwa. Mpaka lero ndikuona kuti pamenepo sitinalakwitse. Chimene sitinkadziwa n'chakuti mlendo ndi ng'ombe amakufuna nthawi imodzi. Ola limene mlendo akufunsa madzi otentha ndi lomwelo limene ng'ombe zikulira kuti zituluke m'khola.

Ndiyambe ndi achimwene amene amatiyang'anira ng'ombe. Sakonda kutchulidwa pagulu, choncho dzina ndasunga. M'mwezi wachitatu anandipeza kukhitchini m'mamawa, majombo ali matope okhaokha, n'kundiuza kuti Nambala 4 sikubzikula. Ine kupita kukaiona, ng'ombe yaima chilili ngati zinzake, moti ndikanakhala ndekha ndikanaitulutsa kupita kubusa. Iwo anaumirira kuti tiiyeze kutentha kwa thupi. Tinapeza madigiri 41, pamene ng'ombe yathanzi imakhala pakati pa 38 ndi 39. M'makutu ndi kunsi kwa mchira munali nkhupakupa zokhuta magazi. Adokotala a ziweto anafika tsiku lomwelo n'kuibaya jakisoni, ndipo ng'ombeyo ilipo, chaka chino yatipatsa thole lamphongo. Achimwene, maso anu ndi amene anaipulumutsa. Kuchokera tsiku limenelo, tsiku lopopera mankhwala a nkhupakupa sitilidumpha, kaya tinyumba tadzaza alendo kaya ayi.

Nambala yokhwatchidwa ija ndi 7. Inali ng'ombe yofatsa kuposa zonse, imene ana a alendo ankaisisita pamphumi popanda ife kuda nkhawa. Tsiku lina madzulo banja lina limene linkagona kwathu linapita kokayenda, pobwera geti ya kumunda silinaikowetse bwino. M'mundamo munali msipu wanthete wa mtundu wa nyemba umene tinadzala kuti tidzaumitse. M'bandakucha ng'ombe zinakankha geti ija, n'kulowa ndi njala m'msipu wonyowa ndi mame. Msipu wotere ukadyedwa mwaphuma umachita thovu m'chifu chachikulu, mpweya umalephera kutuluka pogeya, ndipo mimba imafufuma mbali ya kumanzere mpaka kupanikiza mapapo. Titafika, zitatu zinali zitatupa, kuzimenya pambalipo kumalira ngati ng'oma. Ziwiri tinazimwetsa mafuta ophikira kuti thovu lisweke, tinaziyendetsa uku ndi uku, zinageya n'kupepukidwa. Nambala 7 inagwa tisanaifikire.

Ndinalira, ndipo kwa masiku angapo mtima wanga unali pa alendo aja. Koma abambo akunyumba anandikumbutsa zoona zake: chokowera cha getiyo chinali cholimba, ife eni tinkachidziwa kachitidwe kake, ndipo sitinalembepo chikwangwani chilichonse. Munthu wochokera kumene kulibe ziweto angadziwe bwanji kuti geti yapafamu si ya ulemu chabe? Mlandu unali wathu. Chimene sindinkayembekezera n'chakuti patapita miyezi iwiri banja lija linabukitsanso malo. Bambo ake anatsika m'galimoto ndi sipuling'i zitatu zotsekera geti yokha, ndipo Loweruka lonse anathera kuzimangirira pa mageti athu, thukuta lili kamukamu. Sanayankhule zambiri za Nambala 7, nanenso sindinayankhule. Inu bambo ndi mayi, ngati mukuwerenga, dziwani kuti nthawi iliyonse geti ikadzitseka kumbuyo kwanga ndimakukumbukirani, ndipo chakukhosi ndilibe.

Usiku umene sindidzauiwala unali wa m'mwezi wachisanu ndi chitatu. Abambo akunyumba anali kuchipatala ndi mayi awo, achimwene aja anali atapita kwawo kukapuma, pafamu ndinatsala ndekha ndi alendo m'kanyumba kamodzi. Ng'ombe yathu ina, imene linali bere lake loyamba, inayamba kubereka cha m'ma 9 koloko usiku. Patadutsa maola awiri nsupa itasweka, chooneka chinali chiboda chimodzi ndi kamphuno basi. Thole likamabwera bwino mumaona ziboda ziwiri zakutsogolo, mphuno itagona pamwamba pake. Chimodzi chikasowa ndiye kuti mwendo wapindikira m'mbuyo, ndipo kukoka pamenepo n'kupha mayi ndi mwana yemwe. Izi ndinali nditaziwerenga, koma dzanja langa linali lisanalowepo m'thupi la ng'ombe.

Adokotala a ziweto anali kutali, sakanafika msanga, koma foni anayankha kulira koyamba. Ndinaimbiranso bambo achikulire oyandikana nafe, amene aweta ng'ombe moyo wawo wonse. Anafika wapansi mumdima, zingwe ziwiri zili paphewa, n'kundiuza kuti nditenthetse madzi ndibweretse sopo. Foni tinaiika pa mzati wa khola kuti mawu a adokotala azimveka kwa tonse. Chimene chinkasowa chinali munthu wogwira tochi. Apo ndi pamene mlendo wathu, bambo amene anabwera ndi ana awo kudzapuma masiku atatu, anatulukira atavala zogonera ndi masilipasi, atadzutsidwa ndi kulira kwa ng'ombeyo. Sanafunse mafunso. Anaponda m'ndowe mpaka m'kakolo n'kulandira tochi.

Bambo achikulire aja anadzola sopo mpaka m'phewa. Ankadikira ng'ombe isiye kutchima, n'kukankhira thole m'kati pang'ono kuti apeze mpata. Atapeza mwendo wopindikawo anaphimba chiboda ndi chikhatho chawo kuti chisang'ambe chiberekero, n'kuuwongola pang'onopang'ono, nkhope yawo itagunda pa ntchafu ya ng'ombe, maso atatsinzina. Zinatenga nthawi. Kuwala kwa tochi kunayamba kunjenjemera, ndinaona mlendo uja akusintha dzanja, lina akuligwedeza kuti magazi ayende. Ziboda zonse zitaoneka tinamanga zingwe pamwamba pa timfundo, ndipo tinkakoka pokhapokha ng'ombe ikatchima, motsitsa, ikapuma nafenso tipume. Thole linagwera pa udzu lili lobodoka, lilime panja, osapuma. Bambo aja analichotsa mamina m'mphuno ndi zala, kenako anatenga kaudzu kouma n'kulilowetsa m'mphuno. Linayetsemula. Ndinamva mlendo uja akutulutsa mpweya ngati wautsekera ola lathunthu.

Ntchito sinathere pomwepo. Adokotala anatikumbutsa kuti thole liyenera kumwa mkaka woyamba wachikasu uja pasanathe maola 6, chifukwa chitetezo cha thupi lake chimachokera mmenemo, ndipo pakatha maola 24 matumbo ake salandiranso chitetezocho. Mayi ake, ndi ululu ndi mantha, ankaliponda likayandikira. Tinaimangirira pa mzati, ndinakama m'botolo, tinalimwetsa cha m'ma 3 koloko m'bandakucha, n'kulipaka ayodini pamchombo. Adokotala, foni yanu inali yotsegula kuyambira 11 koloko mpaka nthawi imeneyo, ndipo m'mawa munabwerabe kudzaona ng'ombeyo. Mlendo wathu, tinakuuzani kuti musalipire usiku umenewo ndipo munakana. Paja amati mlendo ndi mame, koma inu simunakamuke m'mitima mwathu. Tholelo ndi lalikazi, ndipo pano likudya udzu.

Kumbali ya tinyumba, amene atigwirira ntchito yaikulu ndi mayi amene amakonza zipinda. Anthu amaona bedi loyala bwino, saona kuti pafamu matope amalowa m'nyumba kangapo pa tsiku, ndiponso kuti nyengo ya mvula nsalu za pabedi zimakana kuuma alendo ena ali m'njira. Mlendo wina atalemba pa intaneti kuti malo ndi okongola koma ntchentche zachuluka, ine zinandiwawa, ndinafuna kuyankha modziteteza. Mayiwa anandiuza mosapsatira kuti mlendoyo wanena zoona, ndipo kuti iwo anali ataona kale kuti mulu wa manyowa tinauunjika mbali imene mphepo imachokera. Tinausamutsira kuseri kwa khola n'kuyamba kuukwirira ndi udzu, ntchentche zinachepa. Mayi, zikomo chifukwa chosandinyengerera. Inunso amene munalemba ndemanga ija, zikomo. Munatithandiza kuposa ena amene anangotiyamikira.

M'chilimwe pampu ya pachitsime inafa kwa masiku anayi. Ng'ombe yoyamwitsa ikatentheredwa imatha kumwa malita oposa 60 pa tsiku, ndiye taganizirani khola lonse, kuphatikizapo alendo ofuna kusamba. Banja la kutsidya kwa msewu linatibwereka ngolo ndi migolo yawo, ana awo n'kumatithandiza kutunga kawiri pa tsiku. Alendo amene analipo sabata imeneyo anavomera kusamba m'ndowa kuti ng'ombe zimwe kaye. Nonsenu ndikukuthokozani.

Makolo amene munabwera ndi ana, zikomo pomvera malamulo athu ngakhale ena ankaoneka ochuluka: kusamba m'manja ndi sopo mukagwira chiweto, kusaima kumbuyo kwa ng'ombe kumene siona, kusayandikira ng'ombe imene yangobereka kumene makamaka muli ndi galu, kusataya mapepala apulasitiki chifukwa ng'ombe imameza n'kutsekeka m'mimba. Ena munakhumudwa titakana kukupatsani mkaka wongokama kumene usanawiritsidwe. Mkaka wosawiritsa umatha kupatsira anthu matenda ochokera ku ng'ombe, monga chifuwa chachikulu, ndipo pa chimenechi sitidzasintha. Mtsikana wina wa zaka zisanu ndi chimodzi anakhala theka la ola pa mpanda akuonerera ng'ombe ikubzikula, kenako anandifunsa ngati ikutafuna chingamu. Nditamufotokozera kuti mimba yake ili ndi zigawo zinayi ndipo imabweza udzu kukamwa kuti iutafunenso, anathamanga kukauza bambo ake ngati watola ndalama. Masiku olemera ndimakumbukira kankhope kake.

Abambo akunyumba, inu ndikuthokozani pamaso, si zapagulu. Ndingonena kuti usiku umene tinawerengera ndalama n'kupeza kuti sizikukwana kugula zakudya za ng'ombe za mwezi wotsatira, munali inu amene munati tigulitse njinga yamoto yanu osati ng'ombe yabere.

Chaka chachiwiri chayamba ndi ntchito yake. Ng'ombe ziwiri zikuyembekezeka kubereka m'masabata asanu ndi limodzi akubwerawa, denga la kanyumba kakumunsi likufunika kukonza mvula isanabwere, ndipo madzulo ano kukubwera alendo anayi. Bambo athu oyandikana nafe, zingwe zanu zija zikadali pano. Ndinazichapa, zili pa msomali kuseri kwa chitseko cha khola. Ndikudziwa kuti foni ya intaneti simugwiritsa ntchito, koma mdzukulu wanu akuwerengerani. Ndibwera nazo Lamlungu masana, ndipo mukapeza mpata tidzatsagane kuno mudzaone mmene thole lanu lakulira.