Anamwino a ku Britain: masiku awiri amene amasokoneza pa revalidation

Namwino kapena mzamba aliyense wogwira ntchito ku Britain, kuphatikizapo anzathu ochokera ku Malawi ndi ku Zambia, ayenera kukhala m'kaundula wa Nursing and Midwifery Council, NMC mwachidule. Kuyambira mu Epulo 2016, kuti dzina likhalebe m'kaundulamo pamafunika revalidation, kutsimikizira kuti mukuyenerabe kugwira ntchitoyi, zaka zitatu zilizonse.

Ambiri amada nkhawa ndi maola, chonsecho chimene chimagwetsa anthu ndi masiku. Kalembera wanu amatha pa tsiku lomaliza la mwezi, koma fomu ya revalidation iyenera kukhala itapita pofika tsiku loyamba la mwezi womwewo. Ngati mwezi wanu ndi Seputembala, iwalani za pa 30; lanu ndi pa 1. Fomuyo imatseguka pa NMC Online, tsamba la NMC la pa intaneti, kutatsala masiku 60. Palinso ndalama ya chaka ndi chaka, imene kwa zaka zambiri inali £120, ndipo imeneyi siyidikira zaka zitatu. Munthu amasintha banki osasamutsa direct debit (chilolezo choti banki izilipira yokha ndalamayo), kapena amasiya imelo yakale kumene makalata okumbutsa amafikira, dzina n'kuchoka m'kaundula iye ali pa shifiti. Zikatero saloledwa kugwira ntchito ngati namwino, ndipo kubwereramo kumatha kutenga milungu isanu ndi umodzi. Lendi ya nyumba ndiye siimva zimenezo.

Maola a ntchito ndi 450 pa zaka zitatu, kapena 900 kwa amene akusunga unamwino ndi uzamba womwe. Wogwira ntchito tsiku ndi tsiku amawakwanitsa m'miyezi yochepa. Amene ayenera kuwerengera bwino ndi uja anakhalitsa pa tchuthi kapena anapita kumudzi. Maola ogwira ngati namwino kunja kwa Britain amawerengedwa, bola pakhale umboni. Maphunziro owonjezera ndi maola 35, ndipo 20 mwa amenewa akhale ophunzira pamodzi ndi anthu ena, ngakhale pa intaneti, osati kuwerenga muli nokha.

Kenako pamafunika ndemanga zisanu za momwe mumagwirira ntchito, kaya zochokera kwa odwala, kwa anzanu kapena kwa akuluakulu, komanso zolemba zisanu pa fomu ya NMC zofotokoza chimene munaphunzira ndi momwe chikugwirizanirana ndi malamulo a ntchito otchedwa The Code. Musalembemo dzina la wodwala kapena chilichonse choti munthu angamuzindikire nacho. Zolembazi mumakambirana ndi namwino kapena mzamba mnzanu amene ali m'kaundula wa NMC. Wotsimikizira kuti zonse zakwana, confirmer, ndi nkhani ina: nthawi zambiri amakhala bwana wanu, ndipo sikofunika kuti akhale namwino. Ngati bwanayo ali namwino, zonse ziwiri zitha kuchitika pa mkumano umodzi. Mupanganiretu msanga, chifukwa mabwana nawonso amapita ku tchuthi.

Pa fomu mumanenanso za thanzi lanu, za milandu ngati ilipo, ndi za inshuwalansi yoteteza odwala mukalakwitsa. Olembedwa ntchito ndi NHS, bungwe la zaumoyo la boma, amatetezedwa ndi abwana awo. Ogwira ntchito kudzera m'ma agency, makampani opezera anthu ntchito, afunse, asangoganiza. Mapepala onsewa simutumiza ku NMC, koma muwasunge, chifukwa bungweli limasankha anthu ena n'kuwaitanitsa umboni wowonjezera.