Mabotolo a chilimwe chino: zomwe ndatola ku Chiromo madzi ataphwa

Shire watsika bwino mwezi uno wa Okotobala, ndipo malo amene ndakhala ndikuwadikira chiyambire dzinja aonekera tsopano. Ndikunena za mchenga ndi matope a kumunsi kwa mlatho wakale wa Chiromo. Pena madzi akulekeza m'mawondo, pena m'mapazi chabe. Ndimawolokera pa Mtayamoyo kusanache kwenikweni, chifukwa dzuwa la kuchigwa kuno likangokwera, munthu sungapirire kuweramira m'madzi nthawi yaitali.

Madzi athu ndi amatope, maso sathandiza kwambiri. Ndimayenda pang'onopang'ono ndi kachitsulo kosongoka, kubaya pansi mofatsa. Mwala umalira mogontha, chigoba cha nkhono chimaphwanyika, koma galasi limayankha ndi kamawu kosalala kamene dzanja limazolowera. Ndikamva kamawuko ndimasiya chitsulo, n'kufukula ndi zala nditavala magolovesi, popeza zambiri zimene zili pansipo ndi zidutswa zakuthwa.

Chachikulu chimene ndapeza chilimwe chino ndi botolo la jini la ngodya zinayi, lathunthu, lopanda mng'alu. Ndi lobiriwira moderapo kwambiri moti limaoneka lakuda mpaka utaliloza kudzuwa. Kumapewa n'lotakata, kumunsi n'lochepa, khosi lalifupi. Mabotolo otere ankawaumba choncho kuti azilowa bwino m'bokosi lamatabwa osagubuduka, ndipo ambiri ankachokera ku Holland. M'galasimo muli timathovu ta mpweya, ndipo mbali imodzi ndi yokhuthala kuposa inzake. Ndidalitulutsa lili chafufumimba, litadzaza matope mpaka kukamwa, ndipo matopewo ndi amene adaliteteza zaka zonsezi.

Pamene ndikuona kuti ndapita patsogolo chaka chino ndi pa kuwerenga msoko. Botolo loumbidwa m'chikombole limakhala ndi kamzere m'mbali, pamene magawo a chikombole ankakumana. Kamzereko kakathera pakhosi osafika pamlomo, ndiye kuti mlomowo adaumaliza munthu ndi dzanja, ndipo botololo n'lakale ndithu. Kakapitirira mpaka pamwamba pa mlomo, ndiye kuti ndi la makina. Makina a Michael Owens opanga mabotolo okha adatuluka ku America mu 1903, koma mafakitale sadasinthe tsiku limodzi, choncho msoko sukupatsa chaka chenicheni. Umangokuuza mbali imene botolo lagwera. Pa botolo la jinili mlomo ndi wochita kumata, wokhotera pang'ono, ndipo pansi pake pali kagalasi kamene kadayenderera kasanaume. Chala chimachita kumva pamene adalumikiza.

Chiromo sindidamusankhe mwangozi. M'zaka za m'ma 1890, katundu wolowa m'dziko muno ankabwera pa sitima zapamadzi kuchokera ku Chinde, kumathiriro a Zambezi, kumene Angerezi adapatsidwa malo mu 1891. Sitimazo zinkakwera Zambezi, kulowa mu Shire, ndipo madzi akakhala ambiri zinkafika mpaka kwa Katunga, kufupi ndi Chikwawa, kumene amtengatenga ankasenza katundu kukwera naye mapiri kupita ku Blantyre. Mtsinje utayamba kuchepa, kwa Katunga kudavuta kufika, ndipo Chiromo, pa mathiriro a Ruo, adakula kukhala doko lalikulu lokhala ndi boma, masitolo ndi nyumba za makampani ngati African Lakes, imene tonse timaidziwa ndi dzina loti Mandala. Kenako ngakhale Chiromo adayamba kusowa madzi, doko n'kutsikira ku Port Herald, imene lero ndi Nsanje. Njanji idafika ku Blantyre mu 1908, idalumikizidwa ndi Chindio m'mbali mwa Zambezi mu 1915, ndipo mlatho wa njanji wa Dona Ana, woloka Zambezi, utatsegulidwa mu 1935 nkhani ya sitima zapamadzi idathera pomwepo.

Ine ndimaona kuti mabotolo ayenera kutsata mbiri imeneyi. Ngati doko linkatsika ndi mtsinje, ndiye kuti akale kwambiri ayenera kukhala kumtunda, atsopanoko kumunsi. Zimene ndatola zikugwirizana ndi ganizoli, ngakhale n'zochepabe. Ku Nsanje chaka chatha pafupifupi zonse zinali za makina, zambiri za mlomo wa chitsekerero chamalata chija timatsegula ndi opena, chimene William Painter adachilembetsa mu 1892 koma chidafala pambuyo pake. Ku Chiromo milomo yomata ndi dzanja ikupezeka kawirikawiri. Chosokoneza n'chakuti mtsinje wathu sukhazikika. Madzi osefukira a 2015, a namondwe Ana mu 2022 ndi a namondwe Freddy mu 2023 adakokolola magombe, adasuntha mchenga, ndipo botolo limene lili pano lero mwina lidatayidwa kutali. N'chifukwa chake ndimakhulupirira kwambiri zimene ndazipeza zitakwiririka m'dothi lolimba la pagombe logumuka kusiyana ndi zongogona pamchenga.

Chachiwiri chimene chandisangalatsa n'chosweka. Ndi theka la botolo la soda la mtundu wa Codd, lobiriwira mowala, galasi lokhuthala. Hiram Codd wa ku London adalembetsa luso limeneli mu 1872: m'khosi mumakhala kampira kagalasi, ndipo mphamvu ya mpweya wa chakumwa imakakankhira kumlomo n'kutseka botolo. Langali lathyokera pakhosi penipeni, pamene pali kakhonde kosungira kampirako. Ambiri amapezeka chonchi chifukwa ana ankawaswa dala kuti atenge kampirako azisewerera. Sindikutaya ayi. Lathunthu ndikulifunabe, koma chidutswachi chikuchitira umboni kuti mtunduwu unafika kuno.

Palinso kabotolo ka mankhwala, kafulati, kofiirira motuwa ngati maluwa a namasupuni. Poyamba kanali koyera. Opanga galasi a nthawi imeneyo ankathiramo manganese kuti galasi liyere, ndipo likakhalitsa padzuwa limasintha mtundu. Mchitidwewu udachepa nthawi ya nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Ndiye kuti kabotoloka kadakhalapo pamtunda zaka zambiri madzi asanakakokere pansi. Zina zonse ndi zamasiku ano, mavelemoti a kachasu ndi mabotolo a zoziziritsa kukhosi. Osweka ndimawanyamulabe kukawakwirira kutali ndi doko, kuti asacheke amayi ochapa ndi ana osamba.

Za ng'ona sindichita nazo masewera, ndipo aliyense wofuna kuyamba zimenezi andimvetse. Sindilowa m'madzi ndekha. Pali madala ena, msodzi wa pomwepo, amene amaima m'bwato kumbali ya madzi akuya akuyang'ana pamene ine ndawerama. Akangoti, "Achimwene, tulukani, pamenepo sipandisangalatsa," ndimatuluka osafunsa chifukwa. Pafupi ndi bango ndi gumbwa sitiyandikako, pamene pali mapazi a mvuu timapalambalala, ndipo madzulo sitilowa konse. Likodzo nalo lilipo m'madzi odekha ngati awa, choncho ndimavala majombo, ndipo nyengo ikatha ndimakayezetsa kuchipatala. Madalawa ndi amenenso adandilozera gombe logumukalo, ati makoka awo amakodwa pamenepo kuyambira kale. Ndisanayambe ndidakaonekera kwa anyakwawa a m'deralo n'kuwafotokozera chimene ndikufuna. Kumanda ndi kumalo amene anthu amawalemekeza sindifikako.

Kutsuka ndimachita modekha. Botolo likangotuluka m'matope ozizira ndimalikulunga m'chiguduli chonyowa, chifukwa galasi lakale likatenthedwa mwadzidzidzi limang'aluka. Kunyumba limagona m'ndowa ya madzi a pamjigo kwa masiku angapo, kenako ndimathiramo mchenga wosefa ndi sopo pang'ono n'kumakhutchumula. Madzi otentha ayi, waya wotsukira mapoto ayi. La jinili lili ndi chifunga choyera m'kati, ndipo mbali imodzi ikunyezimira mitundumitundu. Kumeneko si kuda, ndi galasi lenilenilo limene ladyeka ndi madzi, ndipo ndalisiya momwemo. Ena amapaka mafuta kuti liwale pojambula, koma ine sindigwirizana nazo, chifukwa zimabisa zimene botolo lakumana nazo.

Lililonse ndalimangirira kapepala pakhosi, ndipo m'kope ndalemba malo, kuya kwake, mtundu wa dothi ndi zimene zinali pafupi. Pambali pa la jini panali zidutswa za mbale yadothi yoyera ndi msomali waukulu wadzimbiri. Wina wa ku Blantyre wafunsa kale mtengo wake, ndamukana. Dziko lino lili ndi lamulo loteteza zinthu zakale, ndipo ndikukonza zotumiza zithunzi ndi zolembazi ku nthambi ya boma yoona za zakale kuti andiuze ngati pali choyenera kukasungidwa kumyuziyamu.

Mvula isanagwe kumtunda ndikufuna kukayesa magombe a kwa Katunga. Ngati ganizo langa lili loona, kumeneko kuyenera kupezeka galasi lakuda lokhuthala la mowa, mwinanso la chipsera chokhakhala kunsi kwake, pamene mmisiri ankathyolera chitsulo chogwirira. Amene mumakhala mbali ya Chikwawa ndipo mukudziwa pamene gombe lagumuka posachedwa, kapena msodzi wodalirika wodziwa madzi a kumeneko, ndiuzeni mwezi uno usanathe.