Zikomo inu amene munandithandiza pa maphunziro a Gestalt

Maphunziro anga a ku yunivesite a uphungu wa za maganizo m'njira ya Gestalt (yothandiza munthu kuzindikira zimene akumva panopa) atha, ndipo ndikufuna kuthokoza poyera.

Choyamba, inu amene munabwera ndi nkhawa zanu kwa ine, wophunzira chabe. Simunkandidziwa, komabe munalola kuti zokambirana zathu ndizikaziunikanso ndi wondiyang'anira. Mayina anu sinditchula, ntchito yathu ndi yachinsinsi.

Anzanga a m'gulu, munandiona ndikulankhula ndi mpando wopanda munthu ngati pakhala malemu bambo anga, manja akunjenjemera pamaondo, ndipo palibe anathamangira kunditonthoza. Munangokhala nane. M'mabuku njirayi imaoneka yophweka, koma ayi ndithu.

Aphunzitsi, tinkabwera titaloweza za Fritz ndi Laura Perls, amene anayambitsa njira ya Gestalt, ndi sukulu imene anakhazikitsa ku New York mu 1952, inu n'kungofunsa kuti, "Panopa mukumva chiyani m'thupi mwanu?" Funso limeneli linkandikwiyitsa, lero ndikulifunsa ndine.

Ndithokozenso phungu wanga. Wophunzira aliyense amayenera kulandira yekha uphungu asanathandize ena, ndipo inu munandipirira ngakhale masiku amene ndinkangokhala duu osayankhula. Zikomo kwambiri nonsenu.