Usiku umene ndinadikira chofiira

Pa ofesi pathu ine ndinkadziwika kuti ndi munthu wokayikira. Wina akabwera ndi nkhani ya ndalama zoberekana zokha, maso onse ankatembenukira kwa ine kuti ndiitsirire madzi. Ndiye tsiku limene mnzanga wa tebulo loyandikana nalo anandionetsa foni yake n'kunong'ona kuti, "Achimwene, ndaipeza njira yodyera kasino," ndinaseka mpaka kutsamwa.

Njira yake inali iyi. Pa ruleti, gudumu lija limazungulira kampira n'kukagwera pa nambala, zina zofiira zina zakuda, iwe susankha nambala ayi. Umangobetcha kuti kagwera pofiira. Ukadyedwa, uwirikize kawiri. Ukadyedwanso, uwirikizenso. Chofiira chikangobwera, zonse zimene unataya zabwerera, n'kutsala ndi phindu la kobili limodzi limene unayambira. Ndikunena kuti "kobili" mwadala. Ndalama yeniyeni sinditchula, chifukwa mayi a kunyumba amawerenganso zimene ndimalemba, ndipo mpaka lero akudziwa theka lokha.

"Nanga chofiira chingakane mpaka liti?" anafunsa mnzangayo, maso ali ngwee.

Ndinaimirira ngati ndili pa msonkhano. Ndinamuuza kuti njirayo si yake, ili ndi dzina lake, martingale, ndipo anthu ankaiyesa kale ku France m'zaka za m'ma 1700. Ikanakhala yogwira, bwenzi makasino onse atatsekedwa agogo athu asanabadwe. Ndinamusimbiranso za ku Monte Carlo, kumene pa 18 Ogasiti 1913 kampira kanagwera pakuda maulendo 26 motsatizana, anthu akuthira ndalama pofiira poganiza kuti basi tsopano chatopa chakuda, mpaka anataya mamiliyoni. Ndinalankhula bwino tsiku limenelo, musanamizidwe. Anthu ankagwedeza mitu. Kenako pakamwa panga panatuluka mawu amene anandigwetsa m'mbuna: "Sabata ino ndiyesa ndekha, kuti ndikuonetseni mmene imalepherera."

Ukayenda siya phazi, paja amatero.

Madzulo omwewo ndinalembetsa pa kasino ina ya pa intaneti. Ndisanakhale n'komwe pansi, anandilandira ndi chikwangwani chothwanima: ikani 200, tikupatsani 200 ina yaulere. Pansi pake panali tizilembo tating'onoting'ono ngati nyerere zafola pa mzere, ndi kabokosi kochonga kuti ndawerenga ndipo ndavomereza. Ine wokayikira uja, amene ndimawerenga ngakhale kapepala ka m'bokosi la mankhwala a chifuwa, ndinachonga mosaphethira. Ndinaika 200, pa sikirini panalembedwa 400. Mumtima ndinati, anthu awa sakundidziwa.

Matebulo analipo awiri. Ndinasankha limene gudumu lake linkaoneka lokongolako, la timipata tiwiri tobiriwira. Linalo linali ndi kamodzi kokha, ndipo ndinaona ngati n'lotchipa.

Popeza ndinkachita kafukufuku, panafunika kulemba. Ndinapisa m'chikwama cha mwana wanga, n'kutulutsa kope la masamu, ndi kuyamba kulemba kumasamba akumapeto. F kuimira chofiira, K kuimira chakuda, pambali pake ndalama yobetcha.

Usiku woyamba ndinadya makobili 19. Ndinati ndi mwayi wa mlendo. Usiku wachiwiri 23. Panali kamphindi kamene chakuda chinabwera kanayi, ine n'kuponya 16 dzanja likunjenjemera, chofiira n'kutulukira ngati mbale amene wamva kuti kwagwa zovuta. Kukoma kwake kwa kamphindi kameneko sindingakufotokozereni. Usiku wachitatu 19 inanso. Zonse pamodzi 61.

Kuntchito ndinangokhala chete. Mnzanga uja akafunsa kuti kafukufuku akuyenda bwanji, ndinkayankha ndi nkhope ya dokotala kuti zotsatira sizinakwane. Koma pa nthawi yopuma ndinkatenga kakyuleta n'kumawerengera: makobili 20 pa usiku, pa mwezi 600, pa chaka kupitirira 7,000. Ndikakweza kobili loyambira kufika pa 10? Ndinayamba kuwayang'ana abwana anga ndi chisoni, poganizira mmene adzavutikire kupeza munthu wina wolowa m'malo mwanga. Za ku Monte Carlo zija ndinayamba kuziona ngati nthano ya kale, ya anthu ovala zipewa zazitali amene sankadziwa kulemba m'kope. Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi, koma mbuziyo imakhala isakudziwa kuti mwambiwo ukunena iyo.

Usiku wachinayi mayi a kunyumba anadandaula kuti kuwala kwa foni kukuwasowetsa tulo, choncho ndinasamukira kubafa. Ndinakhala pa chivundikiro cha chimbudzi, kope pabondo, cholembera kukamwa, nthawi ili cha m'ma 1 koloko.

Ndinaponya 1. Chakuda. Ndinaponya 2. Chakuda. Ndiye 4, ndiye 8, chakuda chokhachokha. Apa n'kuti ndikumwetulirabe, poti njira imeneyi ndinali nditadutsamo kale. Ndinaponya 16 ndikuimba kanyimbo ka m'mphuno. Chakuda. Kanyimbo kanathera panjira.

Pa 32 ndinapukuta sikirini ndi malaya, ngati vuto linali fumbi. Kampira kanazungulira, kanadumpha, kanagunda pofiira penipeni ine ndikuona, n'kudumphanso kukagona pakuda. Pa 64 ndinasintha dzanja, ndinadina ndi lamanzere. Chakuda. Apa thukuta linali litayamba kutsika m'msana, ndipo foni inasankha nthawi yomweyo kundiuza kuti batire latsala 6 peresenti.

Gogogo pachitseko.

"Bambo a mwana, muli bwinobwino m'menemo?"

"Ndili bwino, mayi. M'mimba mwangovuta pang'ono."

"Ola lathunthu? Ndikupatseni mankhwala?"

"Ayi, zikutha posachedwa."

Ndipo sindinaname, zinalidi kutha.

Ndinayang'ana m'kope muja: K, K, K, K, K, K, K. Kasanu ndi kawiri. Mutu wanga womwe uja unaphunzitsa ofesi yonse unayamba kundinong'oneza kuti tsopano chofiira chili ndi ngongole, sichingachitire mwina. Ndinakumbukira maulendo 26 a ku Monte Carlo, koma ndinadziyankha ndekha kuti zimenezo zinali za mu 1913, kulibe intaneti. Ndinaponya 128. Ndinatsinzina. Nditatsegula diso limodzi, chakuda chinali phee, chikundiyang'ana.

Ndinawonkhetsa m'kope, poti ngakhale pamaliro mlembi amalemba: 1, 2, 4, 8, 16, 32, 64, 128, zonse 255. Makobili 255 apita, ndikusaka kobili limodzi. Kuti ndipitirize panafunika 256, ine n'kuti ndatsala ndi 206. Ndinatuluka monyang'ama, n'kukatenga chaja ndi khadi la ndalama za pakhomo, lija tinapangana kuti sitidzalikhudza popanda kuuzana. Ndinathirapo 50. Zinakwana 256 ndendende, ndipo ndinaona ngati chimenecho n'chizindikiro.

Nditadina, panatuluka uthenga waulemu wake: malire a kubetcha pa tebulo lino ndi 200.

Ndinauwerenga katatu. Mnzanga uja anali asanatchulepo za malire. Inenso pa ulaliki wanga wa ku ofesi ndinali nditaiwala, chikhalirecho ndi mfundo imene imathyola msana wa njira yonseyi. Kuwirikiza kumafuna thumba lopanda pansi ndi tebulo lopanda denga, ndipo eni kasino anaika denga lija akudziwa bwino za anthu onga ine okhala m'mabafa usiku.

Munthu wanzeru akanagona. Ine ndinaponya 200 pofiira, poganiza kuti ndibwezeko zambiri mwa zotayikazo. Kampira kanazungulira nthawi yaitali, ngati kakuganizira nkhani yanga mofatsa. Sikanagwere pakuda. Kanagwera pobiriwira, pa 00, kampata kamodzi mwa tiwiri tija ndinatikonda chifukwa cha kukongola.

Panatsala 56. M'mawa mwake, maso ali psuu, ndinati bola nditulutse zotsalazi ndibwezere 50 ya pakhomo anthu asanaone. Zinakana. Ndinalemba uthenga kwa othandiza makasitomala, ndipo anandiyankha mwa ulemu umene sindinaulandirepo kwina kulikonse. Anati pepani kwambiri bambo, pa akaunti panu ndalama zanu ndi zimene zimayamba kudyedwa, zotsalazo ndi za bonasi, 200 yaulere ija. Bonasi simungaitulutse musanaibetche maulendo 35. Komanso pa ruleti timawerengera gawo limodzi lokha mwa magawo khumi a zimene mwabetcha. Komanso, pepaninso, munthu ali ndi bonasi saloledwa kubetcha kupitirira 5 pa ulendo umodzi, ndipo inu munaphwanya lamuloli usiku woyamba womwe, pamene munaponya 8. Choncho bonasi yachotsedwa. Kodi pali china chimene tingakuthandizeni?

Ndinabwerera pa sikirini. Panali 0. Ameneyu sanali wobiriwira n'komwe.

Loweruka ndinapita kwa alamu anga, amene amaphunzitsa masamu, kukabwereka 50 mwakachetechete. Anandipatsa, koma chiwongoladzanja chake chinali choti ndikhale pansi ndimvetsere. Anajambula gudumu papepala.

"Alamu, gudumu munasankha inuli lili ndi timipata 38. Tofiira 18, takuda 18, tobiriwira 2. Ndiye mukabetcha pofiira, amene akukufunirani zabwino ndi 18, adani anu ndi 20. Koma mukawina amakulipirani ngati kuti mbali ziwirizi n'zofanana. Pa 100 iliyonse yobetchedwa, kasino imatsala ndi 5.26. Gudumu lina lija munalinyozali lili ndi timipata 37, ziro mmodzi, limadya 2.7. Munali ndi mbava ziwiri patsogolo panu, inu n'kusankha yaikulu chifukwa yavala bwino."

Ndinati komabe chakuda kasanu ndi katatu motsatizana ndi tsoka losaoneka kawirikawiri.

Anadina kakyuleta. "Kuluza kasanu ndi katatu motsatizana pa gudumu lanulo kumachitika pafupifupi kamodzi pa maulendo 170 amene mwayamba mzere watsopano. Mukanapitiriza usiku uliwonse, chinali kubwera basi, kaya sabata ino kaya ya mawa. Kampira kaja kalibe kope, alamu. Kope munali nalo ndinu. Iko sikadziwa kuti kagwera pakuda kangati."

Ndinayesa kudzitchinjiriza ndi bonasi, kuti ikanapanda kulandidwa bwenzi zili bwinoko. Apa ndiye anavula magalasi n'kuseka mpaka kupukuta misozi. Anati 200 kuchulukitsa ndi 35 ndi 7,000. Poti ruleti amaiwerengera gawo limodzi mwa khumi, ndinayenera kubetcha 70,000. Pa 70,000 imeneyo gudumu langa lokongola likanadya pafupifupi 3,700. "Kutaya 3,700 kuti mulandire mphatso ya 200. Ndipo mukubetcha 5, 5, ndiye kuti maulendo 14,000. Bafa limenelo mukanalipira lendi."

Ndinafunsa kuti adziwa bwanji za bafa. Anati mchemwali wawo anawaimbira foni kufunsa za mankhwala a m'mimba.

Lolemba kuntchito mnzanga uja anandipeza ndikupanga ngati ndatanganidwa. Ndinamuuza mwachidule kuti kafukufuku watha ndipo watsimikizira zimene ndinanena poyamba. Anagwedeza mutu mwaulemu, n'kundiuza kuti iye anasiya kale Lachiwiri atadya 12, chifukwa mawu anga a ku Monte Carlo aja anamulowa mumtima. Anandithokoza kwambiri. Anati ndinamupulumutsa. Foni yanga inalira nthawi yomweyo, uthenga wochokera ku kasino ija: takusowani, bwereraninso, takusungirani bonasi yapadera.

Madzulo nditafika kunyumba ndinapeza mayi a kunyumba atakhala pampando, manja ali pachifuwa, kope la masamu lili patebulo lotsegula kumasamba akumapeto. Mwana anali ataima pakona, nkhope ili yowala ngati wapambana mpikisano.

"Bambo a mwana, tafotokozani. F ndi ndani, K ndi ndani?"

Ndisanapeze bodza loyenera, mwana analumphira. "Adadi, aphunzitsi akuti ndine wanzeru! Akuti kuwirikiza sitinaphunzire koma ndakhoza zonse!"

Ndinasuzumira m'kopemo. Aphunzitsi anali atatsika mzere wanga wonse, 1, 2, 4, 8 mpaka 128, akuchonga paliponse. Pa 255 anachonga kawiri, n'kulemba pambali kuti "Wakhoza, pitiriza." Pa 200 womaliza uja anazunguliza mzere n'kulemba kuti "Apa walakwitsa, panafunika 256."

Zonsezo analemba ndi cholembera chofiira. Ndinawerenga zochonga za mu mzere uja, zinali zisanu ndi zitatu motsatizana, chofiira chokhachokha.