Sabata yonse ndikungoyang'ana ma ping

Lolemba abwana anandiponyera ntchito yoyeza ma link awiri a intaneti ya pa satelaiti a kasitomala wina wa migodi, VSAT yakale ija ya GEO (dish yolankhula ndi satelaiti wakutali amene amaoneka ngati wangoima malo amodzi) ndi Starlink, ati asankhe yotsala nayo. Nde ndinangokhala mu ofesi ku Msasa muno mu Harare ndi laputopu, ping (yoyeza nthawi imene uthenga umatenga kupita nkubwerako) ndi traceroute (yoonetsa njira imene wadutsa) zikuthamanga usana ndi usiku.

Ya GEO ilibe zachilendo. Satelaiti ili pa 35,786 km kumwambako, uthenga ukwere utsike, yankho lidzerenso komweko, ping imangozungulira cha mma 600 ms (ma millisecond) olo mulipire ndalama zingati, palibe chothamanga kuposa kuwala. Koma yokhazikika ndithu.

Ya Starlink ndi imene inandidyera nthawi. Masatelaiti ake ali cha pa 550 km basi, amadutsa mwachangu nde dish imangosinthasintha yolankhula nayo, ndipo pa graph mumaona ping ikudumpha pang'ono masekondi 15 aliwonse network ikamagawanso njira. Chomwe ambiri sadziwa nchoti masatelaitiwa amapatsirana uthenga okhaokha ndi ma laser, uthenga wanu utha kudumpha angapo usanatsike pansi, nde ping yanu imadalira kwambiri kumene watsikirako osati kutalika kwa satelaiti kokha ayi. Itangoyamba kuno ku Zimbabwe mu September 2024 traffic inkatsikira kutali, ping kupitilira 100 ms, atatsegula PoP (malo amene network yawo imalumikizana ndi intaneti ya pansi) ku Nairobi kumayambiriro kwa 2025 mpamene manambala anatsika.

Lachitatu masana kunagwa chimvula ku site, ma link onse awiri signal inafooka, Ku band (ma frequency amene onse awiri amagwiritsa ntchito) ndi madzi siziyanjana. GEO inadukiratu kwa kanthawi, Starlink imangotaya ma packet (tizidutswa ta uthenga).

Lachinayi ndinaimbira tekinishani wa kumgodiko, mdala wobadwira ku Mufakose koma agogo ake anachokera ku Ntcheu, timangocheza mChichewa. Akuti "achimwene inu mukuvutikiranji, speed test ikuonetsa bwinobwino apa." Ndinati bambo mwayesa nthawi yanji? Akuti mmawa. Eya, mmawa aliyense ali kuntchito! Ayesenso madzulo anthu onse mderalo atatsegula YouTube, capacity yake mumagawana, nchifukwa chake muno mu Harare malo olembetsa anadzaza msanga itangofika. Komanso ma kamera ndi foni za VoIP (zoimba kudzera pa intaneti) zakumgodiko sizifuna ma Mbps ambiri, zimadana ndi jitter (kusinthasintha kwa ping) ndi packet loss (kutayika kwa ma packet), zomwe speed test ya masekondi ochepa singakuuzeni.

Lachisanu mu lipoti sindinadalire average, imabisa zambiri, ndinaika 95th percentile (nambala imene ma ping 95 pa 100 aliwonse saipitilira) ola ndi ola. Maganizo anga Starlink ikhale main, VSAT aichepetse package koma asaichotse. Abwana anawerenga nkungoti kasitomala salola kulipira kawiri, nde Lolemba ndikupita nawo limodzi ku miting'i ndikafotokoze ndekha.